Mphindi Zitatu za Mayi Hidaya

Tikiti ya ndege idafika Lolemba m'mawa pa kompyuta ya ku ofesi, ndipo Tionenji Masiye adaisindikiza kawiri, kuopa kuti ina ingade m'njira. Adaipinda pamodzi ndi kalata yoitanira, naziika mu envulopu yakhaki. Pamwamba adalemba ndi zilembo zikuluzikulu: MAYI HIDAYA ABDULKARIM.

Zidali zitakwana zaka zisanu ndi zinayi Tionenji ali mlangizi m'kabungwe ka zachilengedwe pa boma la Salima. Chaka chilichonse, mwezi wa Novembala ukamayandikira, ntchito yake inkakhala yomweyomweyo. Maiko a dziko lonse lapansi ankakumana kukambirana za kusintha kwa nyengo, ndipo a Peter, mkulu wa bungwelo, ankafuna nkhani za anthu ovutika zoti anyamule m'chikwama. Tionenji ankakwera njinga yamoto kupita kunyanja, kujambula zithunzi, kulemba mawu, n'kutumiza. A Peter ankapita, n'kubwerako ndi chimfine, kachikwama kansalu kolembedwa dzina la mzinda, ndi uthenga woti zokambirana zipitirira chaka chamawa.

Chaka chimenecho padachitika chachilendo. Bungwe lina la kunja limene linkawathandiza lidapereka malo a munthu mmodzi wa kumudzi kuti akalankhule yekha ku Baku, mzinda wa kunja kumene msonkhanowo unkakachitikira. Munthuyo adampatsa mphindi zitatu pamaso pa nthumwi zina zimene zinkakambirana za thumba lothandizira maiko osauka pa zimene nyengo yawononga. Tionenji sadavutike n'kusankha.

Mayi Hidaya ndiwo ankatsogolera gulu la amayi oyanika usipa pa dooko lina kumpoto kwa Senga Bay. Nkhani yawo idali itayenda maiko ambiri, mwini wake osapitirira Lilongwe. Chithunzi chawo chidakapachikidwa pa chinsalu ku msonkhano wa ku Egypt, pansi pake atalemba kuti ndi Hadija wa ku Mangochi. Chaka chomwecho adawalonjeza ulendo, nawapangitsa pasipoti, koma kutatsala masabata awiri dzina lawo lidachotsedwa. Chaka chotsatira zidateronso. Kenaka chaka chino, mu Epulo, nyanja idakwera, n'kumiza mathandala awo onse oyanikapo nsomba pamodzi ndi chipinda chimodzi cha nyumba. Kumapeto kwa Julaye boti la amuna awo, a Abdulkarim, lidagubuduzika ndi mwera pochokera ku chilumba cha Mbenji. Thupi lidapezeka patapita masiku atatu.

"Eti simunawauzebe?" adafunsa a Peter ataona envulopu ija. Adali ataima pakhomo, akutakasa tiyi ndi cholembera.

"Ndinawanamiza kawiri, bwana. Ulendo uno ndimafuna ndikawauze tikiti ili m'manja."

"Nanga zamaliro zinatha?"

"Zinatha. Sadaka ya masiku makumi anayi ndinapitako ndekha mwezi watha. Mpunga ndinadya nawo."

A Peter adagwedeza mutu, nampatsa pepala lina. "Awa ndi mawu oti akanene. Ndayesa pa wotchi, akukwana mphindi zitatu ndendende. Awaloweze pamtima."

Tionenji kwao kudali ku Chitala, kwa alimi a chimanga. Atamwalira atate ake, anthu adameta, nadya, n'kubalalika, ndipo sabata yotsatira mayi ake adali kumunda ndi khasu. Sadaka ya kunyanja ija iye adaiona ngati kumeta komweko, kungosiyana mapemphero.

Adafika kudooko dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Madzi adali atabwerera pang'ono, koma makoma a nyumba za m'munsi adali ndi mzere wakuda wofika m'chiuno, ndipo mitengo ya mathandala idali chiimire m'madzi, akakowa atatera pamwamba. A Ismael, mlongo wa mayi Hidaya, adali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde.

"Salaam aleikum, a Ismael."

"Waaleikum salaam, alangizi. Lero mwabwera opanda azungu? Mafuta a galimoto asowa?"

"Lero ndabwera ndi zabwino."

"Zabwino za bungwe lanu timazidziwa. Zimabwera pa njinga, n'kubwereranso pa njinga yomweyo. Lowani, ali kuseri."

Kuseri kwa nyumba adali atamangako mpanda waudzu watsopano, wautali kuposa munthu. Mayi Hidaya adakhala pamkeka akusankha mpunga m'lichero. Adavala nsalu yotuwa yopanda maluwa, ndipo pamphuno, pamene masiku onse pankanyezimira chipini, padangotsala kachibowo. Zimenezi Tionenji adaziona kale tsiku la sadaka, koma adangoti ndi chisoni.

Atalonjerana, Tionenji adagwada, napereka envulopu ndi manja awiri.

"Ichi n'chiyaninso, achemwali? Mafunso ena? Mayankho a chaka chatha aja sanasinthe, mungowonjezera maliro."

"Tatsegulani, amayi."

Chingerezi sankachidziwa, koma dzina lawo adalizindikira, ndiponso kachithunzi ka ndege kamene kadali pakona. Adakankhira lichero pambali.

"Yeniyeni?"

"Yeniyeni. Palibenso wofufuta dzina. Mukalankhula nokha, ndi pakamwa panu."

"Alhamdulillah," adatero mayi Hidaya chapansipansi. Adaliyala pepalalo pabondo, nalisalaza ndi chikhatho kawiri, katatu. "Liti?"

"Munyamuka ndi a Peter pa 9 Novembala. Pa 14 ndiye tsiku lanu."

Dzanja lija lidaima. Mayi Hidaya adaitana: "Achimwene! Tabweretsani kalendala ya kumzikiti ija."

A Ismael adalowa nayo, naiika pamkeka. Mayi Hidaya adatembenuza masamba awiri, naloza tsiku limene lidazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Lidali la 6 Disembala.

"Ndimatuluka tsiku ili."

"Kutuluka kuti?"

"Mu edda," adayankha a Ismael. "Mkazi amene amuna ake amwalira amakhala pakhomo pake miyezi inayi ndi masiku khumi. Sadzikongoletsa, sayenda maulendo, sagona kwina. Mukuganiza mpanda uwu ndinamangira mbuzi?"

Tionenji adayang'ananso kalendala ija. "Koma sadaka ija... Ndinaganiza kuti zonse zinathera pamenepo."

"Ija ndi arubaini, ya malemu," adatero mayi Hidaya. "Edda ndi yanga."

A Ismael adakhala pa ndowa yovundikira, naseka pang'ono, kuseka kosapsa mtima. "Zaka zonsezi mukubwera kuno, alangizi, mwatifunsa kuti timadya kangati pa tsiku, zimbudzi tili nazo zingati, nkhuni timazitenga kuti. Funso ili lokha silinali pa fomu?"

Tionenji adayang'ana mpanda uja. Adadya m'nyumba imeneyi kosawerengeka, adadziwa maina a ana onse, adadziwa mtengo wa chidebe cha usipa mwezi ndi mwezi. Amasiye a kudooko ankawalemba m'kaundula ndithu, koma sadafunsepo kuti n'chifukwa chiyani sawaona pamisonkhano kwa miyezi ingapo. Ankangolemba kuti sanabwere.

"Nanga ashehe sangalole?" adafunsa pomaliza. "Nkhani ngati iyi, ya mudzi wonse?"

"Ashehe si amene anakhazikitsa," adatero a Ismael. "Pakavuta munthu amatuluka, inde. Kuchipatala, kapena kukafuna chakudya ngati palibe womufunira. Koma amabwerera kudzagona m'nyumba mwake."

"Ndege yanuyo ingandibweze tsiku lomwelo?" adafunsa mayi Hidaya.

"Kupita kokha ndi tsiku lathunthu ndi theka."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

"Chabwino, ndikujambuleni pa foni. Akakuonetseni pa chinsalu."

"Nkhope yanga ikaime pakhoma pamaso pa amuna mazanamazana? Ine amene ngakhale wogula usipa wa ku Lilongwe ndikulankhula naye kudzera mwa achimwenewa?" Adapukusa mutu. "Komanso, achemwali, pakhoma ndinapachikidwapo kale. Zinathandiza chiyani? Ine ndimafuna ndikawaone m'maso pamene akundimvera, ndione ngati akumva kapena akuyang'ana mafoni."

Tionenji adatulutsa pepala la a Peter lija, mwina poganiza kuti akamva mawuwo mtima usintha. Adawerenga m'Chichewa: "Ine ndine mayi wosauka wa ku Malawi. Kusintha kwa nyengo kwandilanda zonse. Kwandilanda nyumba, kwandilanda ntchito, kwapha mwamuna wanga. Ndikupempha maiko olemera kuti atimvere chisoni."

"Analemba ndani?" adafunsa mayi Hidaya.

"A Peter."

"Amuna awo anamwaliranso?"

A Ismael adaseka mpaka kutsokomola. Tionenji sadaseke. Adalipinda pepalalo, ndipo kutopa kwa zaka zonse zija kudamugwira m'mapewa. Adalankhula zimene sankafuna kulankhula.

"Amayi, ndinene zoona. Mwayi uwu sudzabweranso. Anakusankhani chifukwa maliro ndi a chaka chino. Chaka chamawa kudzakhala chigumula china, kwina, ndi wamasiye wina. Adzati nkhani yanu ndi yakale."

"Ndikudziwa."

"A Abdulkarim akanafuna kuti mupite."

A Ismael adaweramitsa mutu, namayang'ana zala za kumapazi. Mayi Hidaya adatenganso lichero, nachotsa timiyala tiwiri mumpunga asanayankhe.

"Ine mwandiika mawu m'kamwa papepalapo, ndakhala chete. Koma iwo aja musawaike. Sangakutsutseni."

"Pepani, amayi. Ndalakwa."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinakhala nawo. Ku Mbenji kumene ankagwira ntchito sindinapondeko, poti akazi sitifikako. Ndinkangodikira pano. Ichi ndi chomaliza chimene ndingawachitire, ndipo ndinalonjeza Mulungu, osati ashehe." Adapuma. "Msonkhano wanuwo ndi wachingati?"

"Wa nambala 29."

"Chaka chilichonse umodzi?"

"Pafupifupi."

"Ndiye mwana amene anabadwa tsiku limene anayamba kukambirana, lero ali ndi ana atatu. Auzeni adikire masabata atatu. Ndikatuluka ndibwera."

"Ndi maiko pafupifupi mazana awiri, amayi. Sangadikire munthu mmodzi."

"Ife tawadikira chiyambire inu mukugwa ndi njinga yanu mumchengamu."

Adabweza tikiti mu envulopu, naipereka ndi manja awiri, monga momwe adailandirira.

Tionenji adaimbira a Peter ali pansi pa mtengo wa mango uja. Adafotokoza zonse, osabisa kuti cholakwa chidali chake.

"Zaka naini, Tionenji. Zaka naini muli ndi anthu amenewa."

"Ndikudziwa, bwana."

"Mukudziwa kuti malo amenewa ndawamenyera nkhondo kuyambira Febuluwale? Ndikawabweza, chaka chamawa adzapatsa a ku Zambia." Adapumira m'mwamba. Sadali munthu woipa. Adali atakalambira m'makonde a misonkhano, akudya masikono ozizira, akudikira kuti anthu a m'chipinda agwirizane pa chiganizo chimodzi. "Dzina likhoza kusinthidwa mpaka Lachisanu. Tikufuna munthu wa kunyanja amene ali kale ndi pasipoti. Alipo?"

Adalipo mmodzi yekha amene Tionenji ankamudziwa: a Davie, amanijala a loji ina ya ku Senga Bay, imene bala yake idamira mu Epulo.

A Davie adapita. Pa 14 Novembala a Peter adatumiza kanema wachidule pa foni. A Davie adali m'suti yabuluu, akufotokoza m'Chingerezi chosalala za mvuu imene idadzadya kapinga pafupi ndi zipinda za alendo, ndi mipando ya bala imene idayandama mpaka kwa aneba. Anthu adaseka, naomba m'manja. Zonse zimene adanena zidali zoona, ndipo ogwira ntchito khumi ndi awiri a palojipo adali atakhaladi pakhomo chiyambire Meyi. Koma Tionenji adauzimitsa kanemayo asanathe.

Masiku otsatira mauthenga a a Peter ankafupikirafupikira. "Akukanganabe kuti alipire ndani." Kenaka: "Maiko osauka atuluka m'chipinda." Kenaka: "Abwereramo." Msonkhano udapitirira tsiku lake lotsekera. Tionenji ankawerenga, n'kuika foni pansi, n'kupitiriza kulemba malipoti a mbande za mitengo. Kudooko sadapiteko mwezi wonsewo. Ankatumiza mawu oti msewu wawonongeka, koma mvula idali isanayambe n'komwe.

Lolemba pa 9 Disembala, cha m'ma 9 koloko m'mawa, padamveka kugogoda pachitseko cha ofesi. Tionenji atadzutsa mutu adaona mayi Hidaya ataima pakhomo. Adavala chitenje chatsopano cha masamba obiriwira ndi mpango woyera, chipini chili pamphuno. Adali ataonda, ndipo khungu lidayera pang'ono ngati la munthu wochoka kuchipatala. M'manja adanyamula kajumbo kapulasitiki, pasipoti ikuonekera m'kati.

"Odi, achemwali. Ndinati ndikatuluka ndibwera."

Tionenji adadzuka mofulumira mpaka mpando kugwa. A Peter adasuzumira kuchokera m'chipinda chawo, kansalu kopukutira mphuno kali m'manja. Adali atabwerako masabata awiri apitawo, chimfine chisanawasiye.

"Mayi Abdulkarim. Pepani ndi zovuta zija. Takulandirani, khalani."

"Zikomo, bwana. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Ife tinatsala. Anagwirizana chiyani?"

A Peter adakoka mpando, nakhala. Adayamba kufotokoza monga ankafotokozera atolankhani, koma atawona nkhope ya mayiyo adasiya, nayambiranso. "Maiko osauka tinapempha chithandizo chachikulu. Olemera avomera gawo lochepa, ndipo ati lidzakwanira pofika zaka khumi zikubwerazi. Zina zonse azikankhira chaka chamawa, ku Brazil."

"Ndiye kuti dooko lathu lilipo pagawolo?"

"Sizifika pa dooko msanga chomwecho, amayi. Ziyenera kudutsa m'maofesi ambiri."

"Ehe." Mayi Hidaya adayang'ana makoma a ofesi. Pafupi ndi zenera padali chithunzi chawo chomwe chija, atanyamula beseni la usipa pamutu. "Mphindi zanga zitatu zija anadya a Davie, kapena zilipo?"

A Peter adayang'ana Tionenji. Tionenji adayang'ana pansi.

"Inu munakhala nawo m'chipinda chimodzi anthu amenewo," adapitiriza mayiyo. "Nkhope zawo munaziona, ndipo chaka chamawa mukazionanso. Ndiye ine ndiyang'ana yanuyo. Khalani pomwepo."

Tionenji adatenga foni kuti ajambule.

"Ayi, achemwali. Ikani wotchi yokha. Mundiuze zikakwana."

Adaimirira pakati pa ofesi, pakati pa makatoni a mbewu ndi njinga yamoto yakufa, nakonza mpango. Tionenji adadina wotchi.

"Dzina langa ndi Hidaya, osati Hadija. Kwathu ndi ku Salima. Mwamuna wanga anali Abdulkarim, mwana wa Ahmad, msodzi mwana wa msodzi. Sindinabwere kudzapempha chisoni. Chisoni tili nacho chokwanira kwathu, tikhoza kukugawirani.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mwamuna wanga sanalakwitse. Anthu akamva kuti msodzi wamira amati anali wosasamala, kapena anadzaza boti. Iye nyanja ankaidziwa kuposa nkhope yanga. Atate ake anamuphunzitsa kuti mwera ukaomba masiku atatu n'kugona, umagona ndithu, munthu ukhoza kuwoloka. Anawoloka choncho zaka makumi atatu, osataya ngakhale nkhafi. Chaka chino mwera unaomba masiku atatu, n'kugona. Ananyamuka ku Mbenji monga anaphunzirira. Ali pakati pa nyanja, mwera unadzukanso. Akuluakulu a kudooko akuti zotere sanazionepo.

"Thandala likamira, mukhoza kundigulira lina. Chipinda chikagwa, achimwene aumba njerwa. Koma chimene amuna athu ankachidziwa chasiya kukhala choona, ndipo palibe sitolo yogulako china. Mwana wanga wamkulu walowa m'boti la anzake mwezi uno. Anandifunsa kuti, amayi, nditsatire zimene ankanena ababa? Ndinasowa chomuyankha. Akuti inu mukudziwa chimene chasokoneza mphepo, ndipo akuti utsi wake ndi wa kwanu. Ngati ndi choncho, mumuyankhe ndinu.

"Chomaliza. Kumsonkhano kwanu sindinabwere chifukwa ndinali ndi pangano. Ndinapatsidwa miyezi inayi ndi masiku khumi, tsiku loyamba lodziwika, lomaliza lodziwika. Usipa unatuluka wambiri mu Seputembala, anzanga anagula, ine ndili kuseri kwa mpanda. Tikiti ya ndege inabwera, ndinaibweza. Sindinadumphe tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo panalibe wapolisi pakhomo. Ndamva kuti inunso muli ndi pangano. Ndikufuna kudziwa tsiku limene munalizunguliza ndi cholembera chofiira. Ndatha."

Tionenji adayang'ana foni. Padatsala masekondi anayi. Adawasiya athe, belu lidalira, nalizimitsa.

"Zakwana?"

"Zakwana, amayi. Ndendende."

"Ndinkayeserera kuseri kuja, achimwene atagwira wotchi. Poyamba zinkafika mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinachotsamo za ana, za ngongole ya ukonde, za mmene anamupezera. Nthawi ndinali nayo."

A Peter adachotsa kansalu kaja pakamwa. Kenaka adati, ndi mawu osasa, "Za mwera wa masiku atatuzo, bwanji sizinalembedwepo m'malipoti athu?"

"Munafunsa?" adatero mayi Hidaya.

Kunja minibasi idadutsa, kondakitala akukuwa za Senga Bay.

"Ndikanena zimenezi ku Brazil," adatero a Peter. "Monga mwanenera."

"Mukanena inuyo?" Mayi Hidaya adamwetulira koyamba. "Mukaiwala theka, theka linalo mukalikometsa. Si mlandu wanu, ndi ntchito yanu." Adatulutsa pasipoti m'kajumbo, naipereka kwa Tionenji. "Tandionereni, imatha liti iyi?"

Tionenji adatsegula. Masamba onse adali oyera, opanda chidindo ndi chimodzi chomwe. "Mu 2032."

"Misonkhano ingati pamenepo?"

"Isanu ndi iwiri."

"Ndiye akadali ndi mpata wondiitana." Adaibweza m'kajumbo, namanga kukamwa kwake. "Ndapita. Lero ndi tsiku langa loyamba kukagula usipa, ndipo thandala ndabwereka la eni ake mpaka Lachinayi. Achemwali, msewu wa kwathu uja unakonzedwa, mukhoza kumabwera."

Tionenji adawaperekeza mpaka pamsewu, nadikira nawo minibasi padzuwa. Itaima, mayi Hidaya adakwera, nakhala pafupi ndi zenera, kajumbo kali pamiyendo.

Atabwerera mu ofesi adapeza a Peter akali pampando womwe uja. Tionenji adadzutsa mpando wake umene udagwa, nayatsa kompyuta. Adatsegula fomu ya bungwe la kunja lija, yofunsa maina a anthu oti adzaganiziridwe chaka chamawa. Idali isanafike nthawi yake, koma adalemba pamzere woyamba: Hidaya Abdulkarim, Salima.

A Peter adasuzumira paphewa pake. "Mukudziwa zimene adzanene. Adzati nkhaniyi ndi yakale, tipatseni ya chaka chino."

"Adzanene okha, bwana. Ine sindiwanenera."

"Nanga mzere wachiwiri? Amafuna maina awiri, kuti wina akalephera."

Tionenji adauyang'ana mzerewo kanthawi, kenaka adatseka fomuyo mzere wachiwiri uli wopanda kanthu. Adatenga chipewa cha njinga ndi kaundula wa kudooko. Mudali maina a amayi ena atatu amasiye amene adawalemba kuti sanabwere kuyambira Ogasiti, ndipo sankadziwa kuti aliyense wa iwo atuluka liti.